Mlendo M'chigwa Chimene Sadalime

Mlendo amene wafika m'chigwa cha Orcia, kumwera kwa mzinda wa Siena m'chigawo cha Tuscany ku Italy, kawirikawiri amayamba wadya asanaganize. Amakhala pansi m'kanyumba kodyera ka m'mudzi wina wa pamwamba pa chitunda, kaya ndi ku Pienza, ku Montalcino kapena ku San Quirico d'Orcia, ndipo amamuikira mbale ya pici. Pici ndi timizere tokhuthala ta ufa wa tirigu wokanda ndi madzi, timene amayi amapota kamodzikamodzi ndi zikhatho pa thabwa, monga momwe munthu amapotera chingwe cha khonje pantchafu. Pamwamba pake amathirapo msuzi wa tomato ndi adyo, apo ayi nyenyeswa za buledi wogona zokazingidwa m'mafuta a azitona. Nyama mulibe. Akakweza maso kuyang'ana pazenera, mlendoyo amaona zitunda zosalala zofunda tirigu, msewu woyera wokhotakhota, ndi mitengo yaitali yosongoka ya cypress itandanda m'mbali mwa msewuwo kukathera pa nyumba yamiyala ili yokhayokha. Mtima wake umakhala pansi, ndipo amadziuza kuti anthu a kuno ndiwo adaudziwa moyo.

Komatu chakudya chili m'mbalemo chidatulukiridwa ndi anthu amene analibe nyama yoti aphike, ndipo nyumba yamiyala ili pachitundapo idasiyidwa ndi banja limene lidatopa nayo. Apa m'pamene pagona funso limene silimchokera msanga munthu woganiza: kodi n'koyenera kusangalala ndi kukongola kumene kudachokera m'thukuta ndi m'kusowa kwa anthu ena? Ngati n'koyenera, kodi wosangalalayo ali ndi ngongole yanji, ndipo ngongoleyo angaibweze kwa yani, poti eni thukutalo ambiri adamwalira ndipo otsalawo adabalalika?

Choyamba chofunika kuchizindikira n'chakuti chigwachi si ntchito ya chilengedwe chokha. Nthaka yake yambiri ndi dongo lotuwa limene limalimba ngati mwala m'chilimwe ndi kuterera ngati sopo mvula ikagwa, ndipo madzi akalipeza lopanda chofunda amalikumba zigwembe. Pamene bungwe la UNESCO lidaika chigwa cha Orcia pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2004, chifukwa chimene lidapereka sichidali chakuti malowa ngachilengedwe chosakhudzidwa, koma chakuti adaumbidwa ndi anthu m'nthawi imene ankalamulidwa ndi mzinda wa Siena, kuti aonetse chithunzi cha ulamuliro wabwino ndiponso kuti akondweretse maso. Mawu akuti ulamuliro wabwino ali ndi kwawo. M'nyumba ya boma ya mzinda wa Siena, Palazzo Pubblico, muli chipinda chimene Ambrogio Lorenzetti adajambula m'makoma mwake m'zaka za 1338 ndi 1339, kuonetsa zotsatira za boma labwino ndi za boma loipa. Kumbali ya boma labwino kukuoneka minda kunja kwa linga la mzinda: ena akulima ndi ng'ombe, ena akukolola, ena akupuntha tirigu, ndipo munthu wina akukusa nkhumba yakuda ya lamba woyera kupita nayo kumsika. Nkhumba ya mtundu womwewo, cinta senese, ikuwetedwabe ndipo nyama yake imagulitsidwa kwa alendo pa mtengo wokwera. Koma woyang'anitsitsa amaonanso zina. Olemera akutuluka pachipata atakwera akavalo kupita kokasaka, pamene ogwira ntchito ali chiweramire. Ndipo m'mwamba, pamwamba pa mtendere wonsewo, pakuuluka chithunzi cha mkazi woimira Chitetezo, atanyamula m'dzanja lake mtengo wonyongerapo anthu, munthu ali lende. Lorenzetti sadabise kanthu. Adadziwa kuti bata la m'mindamo lidali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo adaujambula poyera. Zithunzi za masiku ano zokopa alendo ndizo zidachotsapo chingwecho n'kusiya tirigu yekha.

Mudzi wa Pienza umaphunzitsa chinthu china. Poyamba unkatchedwa Corsignano, ndipo m'menemo mudabadwa Enea Silvio Piccolomini m'chaka cha 1405, m'banja la mbiri koma losauka. Atasankhidwa kukhala Papa Pius II m'chaka cha 1458, adadzera kwawoko chaka chotsatira, napeza anzake amene adakula nawo atakalamba ndi kufooka, ena atatsikira kale kulichete. Zidamkhudza, ndipo adalamula mmisiri Bernardo Rossellino kuti amange pakati pa mudziwo mwatsopano: tchalitchi chachikulu, nyumba yachifumu ya banja lake, bwalo, ndi nyumba ya akuluakulu a mudzi. Pofika 1462 ntchito yaikulu idali itatha ndipo mudziwo udalandira dzina lochokera ku dzina lake. Nyumba za anthu wamba zimene zidali pamalopo zidagulidwa ndi kugwetsedwa, ngakhale kuti, kunena mwachilungamo, padamangidwanso nyumba zina zatsopano zokhalamo anthu wamba. Chochititsa chidwi kwambiri ndi khonde la kumbuyo kwa nyumba yachifumuyo. Lidamangidwa moyang'ana chigwa chonse mpaka ku phiri la Amiata, osati pofuna kuona adani akubwera monga zinkakhalira m'malinga akale, koma pofuna kungoona basi. Mlendo aliyense amene amaima pakhondepo lero ndi foni m'manja waima pamene padaima papa. Sadaime pamene padaima mlimi. Kuchokera pamwambapo dongo silioneka kulimba kwake, ndipo munthu wolima patali amangokhala kadontho kokometsera chithunzi.

Nanga mlimiyo adali yani? Kwa zaka mazana ambiri minda ya ku Tuscany inkalimidwa motsatira pangano lotchedwa mezzadria, kutanthauza kugawana pakati. Mwini malo, amene kawirikawiri ankakhala m'tauni, ankapereka munda ndi nyumba, zonse pamodzi zotchedwa podere. Banja la mlimi linkapereka manja onse amene linali nawo, kuyambira agogo mpaka kamwana koweta nkhosa, ndipo zokolola zinkagawidwa pawiri. Pongomva, pangano lotere limaoneka ngati lachilungamo, ndipo eni malo ankakonda kulitcha ubale. Koma buku la ngongole linkasungidwa ndi kapitawo wa mwini malo, fattore, pamene alimi ambiri sankadziwa kuwerenga. Pa masiku a zikondwerero banja linkayenera kupereka nkhuku ndi mazira kunyumba ya bwana, kuwonjezera pa theka lija. Panganolo linali la chaka chimodzichimodzi, kotero kuti banja limene lidalima munda kuyambira nthawi ya makolo linkatha kuuzidwa kuti lisamuke. Ngakhale ukwati wa mwana unkafuna chilolezo cha mwini malo m'madera ambiri, chifukwa chiwerengero cha pakamwa ndi cha manja chinkayenera kulingana ndi kukula kwa munda. Ziweto zinkagona m'chipinda chapansi, anthu m'chapamwamba, kuti kutentha kwa ng'ombe kuwathandize m'nyengo yozizira. Nyumba zambiri zotere zidafika m'zaka za m'ma 1950 zilibe magetsi kapena madzi a m'mipope.

Wowerenga wa ku Malawi sangalephere kukumbukira thangata, liwu limene poyamba linkatanthauza kuthandizana pakati pa anansi, koma m'maesiteti a m'mapiri a Shire lidasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, imene idali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe m'chaka cha 1915. Zinthu ziwirizi sizofanana ndendende, pakuti mlimi wa ku Tuscany sadalandidwe dziko ndi anthu ochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo iye ndi bwana wake ankapemphera m'tchalitchi chimodzi. Koma m'malo onse awiri liwu lokoma lidavekedwa pa chinthu chowawa, ndipo m'malo onse awiri mudatsala minda yosiririka. Amene adaimapo pamsewu wa ku Thyolo n'kumasirira kubiriwira kwa tiyi, funso la m'chigwa cha Orcia si lachilendo kwa iye.

Nkhaniyi ikadakhala yophweka eni malo onse akadakhala ankhanza. Sizidali choncho, ndipo chitsanzo cha Iris Origo chimasokoneza aliyense wofuna kuweruza mwachangu. Mayiyu, wobadwa kwa bambo wa ku America ndi mayi wa ku Britain, adagula esiteti ya La Foce pamodzi ndi mwamuna wake Antonio Origo m'chaka cha 1924. Malowo adawapeza ali ouma, okokoloka, opanda mitengo, ndipo alimi ake ali pa umphawi wadzaoneni. Adakumba ngalande, adalambula misewu, adadzala mitengo, adakonza nyumba za alimi, adamanga sukulu ndi kachipatala. Msewu wokhotakhota wa mitengo ya cypress umene uli moyang'anizana ndi munda wa maluwa wa La Foce, umene lero umajambulidwa ngati chizindikiro cha Tuscany wakalekale, udakonzedwa m'nthawi yawo yomweyi, ndipo udakonzedwa kuti uzioneka bwino kuchokera kunyumba ya eni malo. Ndalama zina za ntchito yokonza nthakayi zidachokera ku boma la Mussolini. Nkhondo itafika, mayi yemweyu adalandira ana othawa mabomba a m'mizinda ya kumpoto, adathandiza akaidi a nkhondo othawa, ndipo mu June 1944 adayenda wapansi ndi gulu la ana kupita ku Montepulciano mizinga ikulira. Zimenezi adazilemba m'buku lake lotchedwa War in Val d'Orcia, limene lidatuluka m'chaka cha 1947. Palibe chifukwa chokayikira ubwino wa mtima wake. Komabe nkhondo itatha, alimi a m'chigawo cha Siena adalowa m'mabungwe a ogwira ntchito, adachita sitiraka, ndipo ambiri adavotera chipani cha Komyunizimu. Sankapempha bwana wachifundo. Ankafuna kuti moyo wawo usadalirenso chifundo cha munthu. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo anthu ambiri abwino, m'maiko ambiri, amafa asanakumvetse.

Malamulo adatsatira pang'onopang'ono. M'chaka cha 1964 boma la Italy lidaletsa mapangano atsopano a mezzadria, ndipo lamulo la 1982 lidatsegula njira yosandutsa otsalawo kukhala lendi wamba. Koma anthu sadadikire malamulo. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, pamene mafakitale a dzikolo ankakula mofulumira, mabanja adatseka zitseko za ma podere n'kupita ku Florence, ku Prato, ku Turin ndi m'matauni ena, kumene kunali malipiro a pamwezi, magetsi ndi sukulu za ana. Atsikana ankakana kukwatiwa ndi mnyamata wotsalira kumunda. Midzi idachepa anthu, madenga adagwa. Ndipo apa pali chinthu chimene mlendo sachiganizira: maonekedwe amene iye amawatcha amuyaya adabwera anthuwo atachoka. Mlimi wa mezzadria ankasakaniza mbewu, tirigu m'mizere, mphesa ndi mitengo ya zipatso pakati pake, chifukwa banja linkayenera kupeza zonse m'munda umodzi. Zitunda zikuluzikulu za tirigu yekhayekha, zosalala ngati zometedwa, ndi ntchito ya mathirakitala ndi makina osalaza nthaka, amene adafafaniza zigwembe ndi timitumbira tambiri ta dongo loyera. Zotsala zake zikusungidwa m'malo otetezedwa monga Lucciola Bella. Kunena mosapsatira, bata limene mlendo amalikonda m'chigwachi ndi bata la malo amene anthu ake adasamuka.

Amene adadzaza malo osiyidwawo adali alendonso. Abusa a nkhosa ochokera ku chilumba cha Sardinia adawoloka nyanja ndi ziweto zawo, makamaka m'zaka za m'ma 1960, nagula minda imene panalibe woifuna. Tchizi cha mkaka wa nkhosa chimene fungo lake limadzaza msewu waukulu wa Pienza, pecorino, chambiri chimapangidwa lero ndi ana ndi adzukulu a anthu amenewa. Ku Montalcino, mudzi umene udali wosauka kwambiri nkhondo itangotha, vinyo wa Brunello wochokera ku mphesa za sangiovese adalandira chizindikiro chapamwamba cha boma m'chaka cha 1980, ndipo minda imene inkathawidwa idasanduka ina mwa minda yodula kwambiri m'dzikolo. Lamulo la 1985 lidalola alimi kulandira alendo ogona m'mafamu mwawo, ndipo nyumba zamiyala zija zidakonzedwa. M'chipinda mmene munkagona ng'ombe lero muli mipando yofewa, ndipo pabwalo pali dziwe losambiramo. Mabanja amene adachoka m'chaka cha 1958 kapena 1962 sadapindule nako kukwera mtengo kumeneku. Malowo sadali awo, choncho analibe choti agulitse.

Tsono funso lija libwerenso. Pali anthu a mtima wouma pa chilungamo amene anganene kuti chisangalalo cha mlendo ndi chipongwe: kuti kulipira ndalama zambiri pofuna kulawa chakudya cha amphawi ndi kusewera ndi njala ya eni ake, monga mwana wa mfumu wovala sanza pa tsiku la gule. Mawuwa ali ndi mphamvu, koma akuphonya penapake. Njala siphika, amaphika ndi munthu. Umphawi udapereka ufa, madzi ndi buledi wouma basi. Amene adaona kuti buledi wopanda mchere wa ku Tuscany, wophikidwa kamodzi pa mlungu, akauma angathe kunyikidwa m'madzi n'kusakanizidwa ndi anyezi, tomato ndi mafuta kukhala panzanella, kapena kuwiritsidwanso ndi nyemba ndi masamba kukhala ribollita, adali mayi wanzeru amene dzina lake silidalembedwe paliponse. Kukana chakudya chake poti chidachokera m'kusowa ndi kumulanda chinthu chimodzi chokha chimene bwana sadathe kugawana naye pakati. Komanso nkhope yachisoni ya mlendo sibweza kanthu kwa akufa, ndipo kusabwera kwake kungangosowetsa ntchito amoyo. Gulu la Slow Food, limene Carlo Petrini adaliyambitsa ku Bra m'chaka cha 1986, lidaona bwino pamenepa: luso la kukhitchini ya anthu wamba ndi chuma choyenera ulemu ngati zojambula za m'matchalitchi.

Mbali inayo kuli anthu a mtima wopepuka amene anganene kuti zakale zidapita, mlendo walipira, wophika walandira, nkhani yatha. Awa ndiwo ochuluka, ndipo kulakwa kwawo n'kobisika kwambiri chifukwa sikuli m'kudya koma m'nthano imene amadya nayo. Mlendo sagula pici yekha. Amagulanso chikhulupiriro chakuti kale kuno kunali moyo wosalira zambiri, wodekha, wogwirizana ndi nthaka, umene dziko lamakono lidautaya mopusa. Si mwangozi kuti pamene Ridley Scott ankafuna malo oimira kwawo kwa msilikali ndi dziko la mtendere la akufa mu filimu ya Gladiator ya m'chaka cha 2000, adajambula minda ya tirigu ya pafupi ndi Pienza. Chigwachi chidasanduka paradizo m'maso mwa dziko. Koma amene watcha malo paradizo waweruza anthu amene adachokamo. Wawayesa opusa amene adasinthanitsa Edeni ndi fakitale, kapena ana onyengedwa ndi zonyezimira za m'tauni. Chikhalirecho anthuwo adaudziwa moyowo kuchokera m'kati, adauyeza pa sikelo, ndipo adasankha kuchoka, ambiri akugwetsa misozi koma osabwerera m'mbuyo. Chosankha chawocho ndi umboni waukulu kuposa wina uliwonse wonena za mmene moyowo udaliri. Nthano yokoma ya mlendo imafafaniza umboniwo, ndipo uku ndiko kulakwira kwenikweni: munthu amene adalandidwa theka la zokolola zake akulandidwanso tanthauzo la ulendo wake.

Ngati zili choncho, ngongole ya mlendo si ya ndalama kapena ya misozi. Ndi ya kulola kuti eni nkhani akhale olondola pa za moyo wawo. Zimenezi zimamveka zazing'ono, koma n'zovuta, chifukwa zimamulanda munthu chimene adalipirira ulendo. Iye adabwera kudzapuma ku mbiri ya anthu ndi mikangano yake, ndipo akupeza kuti mbiriyo yamutsatira mpaka m'mbale. Kukongolako sikuchepa ayi. Dzuwa likamalowa kuseri kwa Montalcino zitunda zimafiirabe chimodzimodzi. Chimene chimasintha n'chakuti woonayo sangathenso kudziyesa wosalakwa ndi wosakhudzidwa, ngati kuti malowo adayalidwa dzulo kuti iye adzawaone.

Pali ngongole inanso, ya kwa amoyo, ndipo iyi ilibe yankho losalala. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Koma mame a masiku ano ali ndi mphamvu pa mwini khomo, pakuti chuma cha chigwachi chimadalira kuti chizioneka monga mmene mlendo akuyembekezera. Papa Pius II yemwe uja ndiye adayamba: m'chaka cha 1462 adalemba kalata yoopseza kuchotsa mumpingo aliyense wosintha maonekedwe a m'kati mwa tchalitchi chake cha ku Pienza. Anthu adamvera, koma nthaka sidamvere; mbali ya kuguwa ya tchalitchicho idamangidwa potsetsereka ndipo yakhala ikutitimira pang'onopang'ono, ming'alu ikuoneka m'makoma ndi pansi. M'chaka cha 2006 katswiri wa zolembalemba Alberto Asor Rosa adalemba mu nyuzipepala ya La Repubblica kudzudzula nyumba zatsopano zimene zinkamangidwa kunsi kwa linga la mudzi wa Monticchiello, patangopita zaka ziwiri UNESCO italemekeza chigwacho, ndipo mkangano udafalikira dziko lonse. Odzudzulawo ankati nyumbazo si za anthu a m'mudzimo koma za ogula ochokera kutali, ndipo ankaona kuti dzina la UNESCO lasanduka chokopera malonda. Kudandaula kwawo kudali ndi maziko. Komabe kuseri kwa mkanganowo kudatsala funso limene silikhudza nyumba zimenezo zokha: ndani ali ndi ufulu wosintha malo amene dziko lonse lawatcha ake? Mnyamata wobadwira ku Pienza, mudzi wa anthu pafupifupi 2,000, akafuna nyumba ya mtengo woti angaukwanitse, amapikisana ndi munthu wa ku London kapena ku Milan wofuna pogona milungu itatu pa chaka. Makolo ake ankapempha chilolezo kwa mwini malo. Iye amapempha kwa maso a anthu odutsa. Si ukapolo, ndipo kungakhale kunama kuzifanizira ndi zakale zija, koma ndi mtolo ndithu kukhala m'chithunzi cha munthu wina.

Ndiponso sikuti manja osaoneka adatha. Mphesa zimathyoledwabe ndi anthu, ndipo m'minda yambiri ya ku Italy anthuwo lero ndi ochokera kum'mawa kwa Ulaya, ku Africa ndi ku Asia, ena mwa iwo olembedwa ntchito kudzera mwa akapitawo apakati odyera anzawo masuku pamutu, mchitidwe umene dzikolo lidaukhwimitsira lamulo m'chaka cha 2016. Mlendo amene waphunzira kufunsa za mlimi wa 1950 koma osafunsa za wothyola mphesa wa chaka chino wangosintha nthano imodzi ndi ina.

M'mudzi womwe uja wa Monticchiello, wa anthu mazana ochepa chabe, muli chinthu chimene chimatembenuza ubale wa woona ndi woonedwa. M'chaka cha 1967, pamene mudziwo unkatha anthu chifukwa cha kugwa kwa mezzadria, otsalawo adayamba kuchita sewero pabwalo la mudzi, popeza analibe nyumba ya zisudzo. Adalitcha Teatro Povero, zisudzo za amphawi. Poyamba ankasewera nkhani za mbiri yakale, koma posakhalitsa adatembenukira kwa iwo eni. Chaka ndi chaka amakumana m'miyezi yozizira kukambirana chimene chikuwadya mumtima, amalemba sewero, ndipo m'chilimwe, kumapeto kwa July ndi kuchiyambi kwa August, amalisewera okha, aliyense atavala moyo wake kapena wa agogo ake. Katswiri wa zisudzo Giorgio Strehler adautcha mchitidwewu autodramma, sewero la anthu odzisewera okha. M'masewero amenewa mwadutsa banja la pa podere ndi mikangano yake, tsiku la mu April 1944 pamene asilikali a Germany adandandika anthu a m'mudzimo pakhoma kuti awaombere koma n'kuwaleka, kusamuka kwa anansi, kubwera kwa ndalama, ndi mantha akuti mudzi usanduka malo ongoonetsa alendo. Sasewera moyo wakale ngati paradizo, ndipo sausewera ngati gehena. Amauseka, amaulira, amatsutsana nawo, monga momwe munthu amachitira ndi kholo lake lomwe.

Zisudzozi nazo zili ndi nkhawa zake. Filimu ya Spettacolo ya m'chaka cha 2017 idaonetsa osewera akale akukalamba ndi kumwalira, achinyamata ali otanganidwa ndi zina, ndipo anthu akufunsana ngati mwambowo upitirire. Koma usiku wa sewero ukafika, mipando imandandikidwa pabwalo ndipo alendo amakhala pansi. Ambiri mwa iwo adakhala tsiku lonse akujambula zitunda, ndipo tsopano zitundazo zili mumdima. Zokambirana zambiri zili m'chiyankhulo cha m'deralo, chimene ngakhale Mtaliyana wa ku Milan amachitchera khutu, ndipo mlendo wochokera kutali amangotola liwu apa ndi apo. Anthu a m'mudzimo akaseka, iye amachedwa kuseka, osadziwa bwino ngati nthabwalayo ikunena za kapitawo wakale kapena za iye mwini. M'nyengo yomweyo, pafupi ndi bwalolo, anthu a m'mudzimo amatsegula malo odyera, ndipo chimene amaphika ndi pici.